A Overton Alumpha Ayezi

Mwendo umodzi wa a Overton unali pamlatho wamatabwa, wina pabolodi loyandama mumtsinje wa Swan. Mpingo wawo wonse unaima m'mbali, mafoni m'mwamba.

Chaka chathunthu ankadzitama kuti ali ku Canada, chisanu chikamatha, ankalumphalumpha pa zidutswa za ayezi zoyandama padoko. Lero anzawo anawandandalikira mabolodi asanu kuti aonetse.

Akazi awo, a Felesta, ankadziwa zoona: kumeneko bambowo ankangosungira olumphawo majekete.

"Amake Joan," ananong'ona a Overton, miyendo ikunka nitalikirana, "auzeni kuti adokotala anandiletsa."

"Nesi ndine, bambo. Mulibe vuto," anayankha a Felesta.

Bolodi linasuntha. A Felesta anasolola makiyi a galimoto m'thumba mwa amuna awo kuti makiyiwo asanyowe, n'kubwerera m'mbuyo.