Tsiku Lolemekeza a Phadke

A Sadanand Phadke anakakhala pa mpando wakutsogolo m'holo popanda wowalozera. Akanafunsiranji? Kampani ya Morpankh, yosindikiza masewera a pa kompyuta, anaiyambitsa ndi iwo zaka makumi atatu zapitazo, m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya nsapato mumzinda wa Pune, ku India. Anaigulitsa kalekale, ogulawo n'kuigulitsanso kwa ena, enawonso chimodzimodzi. Koma nyuzipepala inali italemba kuti lero kampaniyo ilemekeza woiyambitsa. Kalata yowaitana sinafike. Iwo anangoti a positi masiku ano ndi aulesi.

"Jekete yanuyi ikununkha m'bokosi," ananong'ona akazi awo, a Sulabha.

"Tatontholani, amake Ketaki. Ojambula ayang'ana kuno posachedwa."

Mkulu watsopano wa kampani, mayi wa suti yotuwa, anayamba kulongosola mbiri. Anati a Phadke ankazungulira masitolo pa kanjinga kamoto, chikwama cha masewera chili kumsana, mvula ikuwakhuthukira. A Phadke anagwedeza mutu mwamphamvu kuti akumbuyo aone.

"Masewera oyamba aja, a nyani wakuba mango, anawalota okha!" anatero mayiyo.

"Ophunzira awiri aja munawanyengerera ndi mbale ya mpunga kuti akupangireni masewerawo aja, nawonso munachita kuwalota?" anafunsa a Sulabha.

"Mayi iwe, anthu akumva."

"Antchito awo ankawakonda ngati ana awo," mayi wa sutiyo anapitiriza.

A Sulabha anatsokomola. Anakumbukira anthu khumi ndi mmodzi amene anachotsedwa ntchito kutatsala sabata kuti chikondwerero cha Diwali chifike. A Phadke sanakumbuke chilichonse. Misozi inali italengeza m'maso mwawo. Sankadziwa kuti anali munthu wabwino chonchi.

"Ndiye lero tikuti tiwapatse ulemu umene tachedwa nawo," anatero mayiyo.

A Phadke anamanga mabatani a jekete. Anasolola mapepala asanu ndi limodzi a mawu awo othokoza, nakonza kukhosi. Nsalu inakokedwa pakhoma, ndipo panaoneka chithunzi chawo chachikulu, nkhata ya maluwa italenjekeka pamenepo.

"Tonse tiimirire, tikhale chete mphindi imodzi pokumbukira malemu a Phadke."

Holo yonse inaimirira, mitu ili pansi. A Sulabha anawakoka dzanja amuna awo.

"Imirirani, abambo. Anthu angamati simulemekeza maliro."