Tonde ndi Tayi ya a Chakhaza

Lamulo la kumudzi kwa a Chakhaza ndi lakuti wosiya ntchito ya m'tauni asanakalambe amapatsidwa munda, koma akakolola amamasula ziweto zake. Zikabwerera zokha madzulo, mundawo ndi wake. Zikapanda kubwera, abwerere ku ofesi.

A Chakhaza, amene anasiya ntchito ya m'tauni, anamasula mbuzi zawo m'mawa. Dzuwa linapendeka m'khola lawo mulibe ngakhale kamwana ka mbuzi. Mwakachetechete anasita malaya ndi tayi, n'kuzipachika pakhonde.

"Mwafulumira, bambo," anatero akazi awo, a Nangondo, akupeta nandolo. "Winanso ndani amazisakanizira madeya ndi mchere ngati inu?"

Posakhalitsa kulira kwa mbuzi kunamveka kuseri kwa nthochi. Mbuzi zinalambalala khola n'kukwera pakhonde, ndipo tonde anayamba kutafuna tayi ija.

A Nangondo anatola kamtengo.

"Musiyeni adye, mayi," anatero a Chakhaza. "Ndidzaivalanso kuti?"