Masamba a Nthanda

Lamulo linkati setilaiti ikakalamba, mabanja amene inkawatumikira ndiwo asankhe chochita ndi mafuta ake otsiriza. Setilaiti yotchedwa Nthanda inali itaima pamalo amodzi kumwamba zaka makumi awiri, ikutsitsira anthu mapemphero pa kanema. Mafuta otsalawo akanatha kuulutsa miyezi ina inayi, kenaka iyo n'kumangoyendayenda yosokera, kapena kuikweza lero kumanda a masetilaiti. Yatsopano inkayembekezeka pokolola.

Nachisale anagwira foni yovotera. Amuna ake, a Likongwe, anali atafa ziwalo, ndipo tchalitchi chawo chinali kanemayo.

"Bambo a Tiya, ndidina pa miyezi inayi. Mukhala bwanji opanda Mawu?"

"Iwe Nachisale, wantchito wokhulupirika amatayidwa panjira? Dina pa manda."

"Koma inu kuuma mutu! Chitsulo chili ndi maliro?"

"Chili nawo. Ukaikenso masamba pamsewu."

Anadina pa manda, ndipo mabanja ambiri anatero. Lamulungu kanema anati zii, Nachisale n'kukaika masambawo monga amachitira pakagwa zovuta.

Amayi a kwaya, popita kutchalitchi, anaona masamba paja. Anapatuka akuimba ya chisoni, poganiza kuti a Likongwe atsogola. Anawapeza ali pampando pakhonde, atavala jekete.

"Abambo, muli moyo! Nanga watisiya ndani?"

"Nthanda," anayankha monyadira. "Yatsiriza ntchito yake bwino. Musaleke nyimboyo."

Nachisale anapukuta misozi natulutsa mikeka. Mpaka pokolola, kwaya inkayambira pakhonde pomwepo Lamulungu lililonse.