Kabokosi ka Kuseri kwa Mapiri

Uthenga unafika folo koloko masana, Wamawaya, wokonza makompyuta pakampani, ali ndi kapu ya tiyi kukamwa. Depoti ya kuseri kwa mapiri yazima. Netiweki palibe. Makompyuta angoti duu. Malole asanu aima pageti, sangatuluke popanda mapepala.

Kale akamva zoterezi ankagwira msana. Kudepotiko ndi ulendo wa maola asanu ndi anayi. Mabampu okhaokha. Fumbi mpaka m'mano. Ukafika, ntchito yake n'kuzimitsa rauta, makina ogawa netiweki aja, n'kuyatsanso. Mphindi ziwiri basi. Kenako maola asanu ndi anayi obwerera.

Koma lero anaseka. Anaseka mpaka tiyi kutayikira pa tayi.

"Wapenga?" anafunsa abwana ali pakhomo. Anali mayi osaseka wamba.

"Ayi mayi, ndapola msana. Khalani apa muone matsenga."

Matsengawo anali kabokosi kakuda, kukula kwake ngati sopo. Umaikamo simu kadi, n'kukalumikiza ku rauta. Chingwe chachikulu chikafa, iwe umalowera pa netiweki ya mafoni, ngati mwini nyumba wolowera pawindo makiyi atasowa. Uli m'tauni, koma zam'kati zonse ukuziona.

Anachonderera miyezi isanu kuti kampani igule. Inagula tiwiri, simu kadi imodzi. Sabata yatha anayesa zonse pa rauta yapadera m'chipinda cha katundu, kuseri kwa khoma la ofesi yake, muja mumazizira ngati m'firiji. Zinayenda. Mawa lake dalaivala wa kampani ananyamula kabokosi kamodzi kupita nako kudepoti, ndi pepala lojambulapo polowetsa mawaya. Anabwera akumwetulira: nyali yobiriwira yayaka.

Ndipo tsiku loti kabokosiko kaonetse mphamvu linali lomweli. Mawa naini koloko m'mawa mwana wake wamkazi aimba yekha pasiteji kusukulu. Chaka chatha nyimboyo inamupeza pamsewu womwewo. Chaka chinacho, akusintha tayala. Lero m'mawa mayi ake a mwanayo analankhula akusita diresi, osatukula mutu: "Mukaphonyanso, bambo ake, mukagone ndi mawaya anuwo."

Fomu ya tchuthi inali patebulo. Yosasaina.

Anawongola zala. Analemba nambala. Anadina. Kompyuta inaganiza kaye. Kenako zilembo zobiriwira, mbwee!

"Ndalowa! Mayi, ndili kudepoti! Taonani nsapato zanga, mbee!"

Anazungulira ndi mpando kawiri. Anayamba kuwerenga mokweza ngati wolengeza zigoli pawailesi.

"Magetsi alipo. Netiweki ya foni, mizere isanu! Isanu, mayi! Kuja kalaliki amachita kukwera pathanki kuti aimbe foni!"

"Zatheka bwanji?"

"Eriyo. Ndinasankha ndekha." Anadzimenya pachifuwa. "Kutentha, madigiri khumi ndi asanu ndi atatu. M'shedi ya malata ija, muja munthu amasungunuka! Ndiye kuti kwagwa mvula. Mwaona? Ndikukuuzani ndi zanyengo zomwe, ulere."

Abwana anasendeza magalasi. Pakona pa mlomo wawo panagwedezeka kanthu. Wamawaya anakaona. Zaka zisanu ndi chimodzi, koyamba.

"Nanga vuto?"

"Ili apa. Rauta sikuona chingwe chachikulu. Matenda ake akale. Yagona, ifunika kuidzutsa. Kale maola asanu ndi anayi. Lero chala chimodzi." Anachiimika m'mwamba, n'kuchipsompsona. Ndi chala chomwecho anakankhira fomu kutsogolo.

Abwana anayang'ana fomu. Anayang'ana zilembo zobiriwira. Anasaina.

Wamawaya anaimirira. Anavina pang'ono, mapewa okha, kuopa mawaya apansi. Anatumiza uthenga kunyumba: Mundisungire mpando wakutsogolo. Anawonjezera: Ndivala suti. Anawonjezeranso: Muuzeni aimbe mokweza.

Dalaivala anasuzumira pakhomo, atamva phokoso.

"Achimwene, lowani! Lero galimoto ipume. Inunso mukaone alamu."

Anabwerera pakompyuta. Anakonza kolala.

"Tsono rauta imeneyi ikadzuka imalira katatu. Khalani chete nonse. Mwina mphepo itibweretsera."

Anadina. Anatembenukira kuwindo, mbali ya kumapiri, dzanja kukhutu, diso limodzi atatsinzina. Dalaivala anabisa kuseka. Abwana anapinda manja.

Piii. Piii. Piii.

Anamvadi, onse atatu. Kulirako kunachokera kuseri kwa khoma, m'chipinda chozizira chija, momwe kabokosi koyesera kankaphethira mosangalala, simu kadi imodzi ija ikadali m'mimba mwake.

Abwana anakoka fomu pang'onopang'ono. Pamalo pake anaikapo makiyi a galimoto.