Liwiro ndi Galimoto Yofiira ya Eni Ake

Panali mnyamata wina wa kusekondale amene anzake ankamutchula kuti Liwiro, ndipo akuti nkhani yakeyi inachitikadi. Makolo ake anamwalira ali wamng'ono, ndiye ankaleredwa ndi amalume ake, omwe anali ndi malo otsukira magalimoto m'mbali mwa msewu. Panali paipi imodzi, ndowa ndi kakhumbi ka malata basi, koma chakudya cha pakhomo ndi fizi ya Liwiro zinkachokera pomwepo.

Mutu wa mnyamatayu sunali kusukulu ayi. Unali pa galimoto zothamanga zija, za zitseko ziwiri, zofupika ngati zagwada. Foni yake inadzaza ndi zithunzi za zomwezo. Akaona mitengo yake ankadziwa kuti ngakhale atatsuka magalimoto mpaka kumera imvi, sangagule ndi tayala lomwe. Zinkamuwawa ngati wina wamulanda chake.

"Amalume, ine ndikafa ndisanakhale ndi galimoto yotere, ndiye kuti ndinabadwira chabe."

"Yamba wagula kaye njinga," anatero amalumewo akufinya nsalu. "Ndipo undimve bwino. Pano timatsuka basi. Makiyi amabwerera m'dzanja lomwe lawapereka. Kaya abwere mkazi wa mwini wake, kaya abusa, usapereke."

Loweruka lina galimoto yotereyo inatulukiradi, yofiira kuti psuu, ikulira ndi mawu ogwedeza malata. Mwini wake, dokotala wa mano, anapatsa amalumewo makiyi n'kunena kuti abweranso masana. Amalume anakoleka makiyiwo pamsomali, napita kukagula sopo, pakuti anali atatsala pang'ono kutha.

Liwiro anayamba kuitsuka. Ali mkati moipukuta, panafika bambo wina wovala jekete yabwino, wonunkhira mafuta odula.

"Mfana, umaikonda eti? Ndakuona mmene ukuigwirira. Ena amangopaka thovu, iwe umaisisita ngati khanda."

"Achikulire, musandiyambe. Ine sindigona nazo zimenezi."

"Ine ndimaitanitsa zoterezi kunja. Ndikusowa mnyamata wodziwa kuzisamala. Anyamata anga amayamba ndi kupukuta, kenako kuyendetsa, mapeto ake ndimawapatsa yawoyawo, n'kumadula pang'onopang'ono pamalipiro."

Liwiro anasiya kupukuta. Chibadwire, panalibe munthu amene anamuuzapo kuti maloto akewo ali ndi njira. Anatsala pang'ono kugwada.

"Nditengeni bwana, chonde. Ndigwira ntchito iliyonse. Ngakhale sukulu ndisiya."

"Dekha. Ndione kaye ngati uli ndi khutu la injini. Bweretsa makiyi, tingozungulira apa, undiuze zimene ukumva. Mwini wakeyu ndi mnzanga, ndinamugulitsa ndine."

Mnyamata uja anayang'ana msomali, nayang'ananso njira imene amalume analowera. Mawu awo anawakumbukira ndithu, asaname. Koma mtima unali kale dyokodyoko, ndipo ankaona kuti mwayi umenewu ukamudutsa afera pandowa. Anachotsa makiyi aja n'kupereka.

Atakhala pampando wachikopa, injini n'kulira, misozi inalengeza m'maso. Nyumba zinkangoti zii kubwerera m'mbuyo. Ankalakalaka anzake a kusukulu atamuona. Atakhota kawiri, bambo uja anaima m'kamsewu kopanda anthu, nasuzumira pagalasi, n'kupukusa mutu.

"Aa, mfana, ukufuna ntchito kwa ine koma wasiya thovu pa nyali ya kumbuyo? Ndiye ukhondo wake umenewu?"

Wotsuka magalimoto mungamunene china chilichonse, koma osati kuti wasiya thovu. Liwiro anachita manyazi, nalumpha ndi kansalu kake kamene kanali paphewa. Atafika kumbuyo anapeza nyali ili mbee. Asanadzutse mutu, galimoto inangoti vuu, n'kumusiyira utsi kumaso.

Anaithamangira akukuwa mpaka patapata anaduka. "Bwana! Imani! Ndapota nanu, si yanga!" Anthu ankangomuyang'ana ngati wamisala. Anabwerera wapansi, thukuta lili kamukamu, akupemphera kuti mwina bamboyo amangomuyesa ndipo amupeza atafika kale. Koma anapeza amalume atangoti kakasi pamalo ponyowa pamene panali galimoto, dokotala uja akukalipa pafoni, apolisi akutsika.

"Makiyi anali ndi ndani?" anafunsa wapolisi.

Liwiro anatsegula pakamwa, koma amalume anamutsogolera.

"Analandira ndine, ndipo ndapereka ndine. Mwanayu ndinamutuma kwina, sakudziwa kanthu."

Anawamanga unyolo pamaso pa makasitomala awo. Malo aja anatsekedwa tsiku lomwelo, ndipo galimoto sinapezeke mpaka lero.

M'mawa mwake Liwiro anawatengera bulangete kupolisi. Anawapeza atakhala pansi pasimenti, opanda nsapato, opanda lamba. Anagwira zitsulo za chitseko n'kuyamba kulira mokweza.

"Amalume, ndikanena zoona. Amange ine. Ndine ndalakwa."

"Tseka pakamwa," anatero amalumewo motsitsa mawu. "Ine ndakula kale, mbiri yanga iipe palibe kanthu. Iwe ukalowa muno, mayeso akulembera ndani? Mlongo wanga anandisiyira iwe, sanandisiyire paipi. Pukuta misozi, upite ukawerenge."

Mnyamata uja anatuluka akudzandira. Pakhomo anapeza azakhali ake, akazi a amalumewo, atayala ziwiya za m'nyumba pabwalo kuti agulitse, apeze cholipira loya. Sanamukalipire. Anangomupatsa ndowa zotsukira zija kuti aziike pamzere.

Phunziro: Kulakalaka zabwino si tchimo, koma njala ya zinthu ikakula imatseka makutu, ndipo wakuba amayamba waona chimene mtima wako ukulirira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Achinyamata, mverani amene akukulerani, chifukwa mukapusa amene amalipira ndi iwowo. Tumizani nkhaniyi kwa ana anu, adzukulu ndi anzanu onse, mwina ipulumutsa wina asanapereke makiyi a eni.