Dzanja la Ndaziona

Chitsekereni sukulu, lamulo linali loti ana aziphunzira pa wailesi ya boma basi. Wopezeka akuphunzitsa mwana pamaso ankatengedwa osabweranso. N'chifukwa chake pakhomo pa Nankhoma, Madamu Kachingwe, aphunzitsi akale apasukulu, ankatchedwa azakhali. Ankaphunzitsa Ndaziona, mwana wa Nankhoma, uku akusenda chinangwa, kulemba padothi ndi mpeni n'kufufuta ndi phazi.

Tsiku lina kunatulukira woyendera wa boma.

"Iwe mwana, azakhali akowa anabwera liti?"

Ndaziona anaimirira n'kukweza dzanja asanayankhe. Nankhoma anamuthamangira, poti wailesi siphunzitsa mwana kukweza dzanja.

"Chithupsa chija chayambanso?" anatero, akumutsina kukhwapa mpaka mwana analira. "Pepani bambo, mkonowu satha kuutsitsa."

Woyenderayo anayang'ana padothi pofufutidwa paja. Pochoka anawavulira chipewa azakhaliwo.

"Tsalani bwino, Madamu," anatero chapansipansi.

Kaya unali ulemu wa mwana wasukulu wakale, kaya mawa kubwera galimoto yodzawatenga, Nankhoma sanadikire kuti adziwe. Analowa m'nyumba n'kuyamba kumanga zovala za Madamu m'chitenje chake chatsopano.