Yachiwiri Ili Kuti?

Moto unkalilima mumgolo kuseri kwa tchalitchi ku Nangongwe. Rabecca anaima atapinda manja, maso ali pa mwamuna wake Zakeyo, amene ankawotcha pamaso pa mpingo madisiki ake asanu ndi awiri a mafilimu otsatizana a chigawenga chovala chigoba, chopha anthu ndi chimpeni.

Yachisanu anaiponya osaiyang'ana n'komwe. Yomaliza inatsatira, kenako zina zitatu, abale akuomba m'manja. Koma atafika pa yoyamba dzanja linalemera, mpaka anayamba waipukuta pamalaya asanaiponye.

Rabecca anapsa mtima. Mndandanda umenewu ankaudziwa, poti ankaumva pakhonde Zakeyo akamakangana ndi anzake: kuyambira yachabechabe mpaka yomwe ankaitama koposa.

"Atate ake Joy, mulapa kapena mupatsa mafilimu mamalikisi monga mphunzitsi?"

"Amake Joy, natentha zonse."

"Boza! Yachiwiri ili kuti?"

Zakeyo anakumbatira Baibulo lake pachifuwa. Rabecca anaona kuti bukulo silinatsekeke bwino. Anatambasula dzanja, abusa akuyang'ana.

"Bweretsani kuno," anatero mokweza. "Nifuna kuwerengera mpingo vesi."